Zithunzi ndi Matenda Oiwalaiwala: Mafunso ndi Mayankho a Mabanja a ku Chipata

Kabukuka n'ka mabanja amene akusamalira kholo kapena agogo odwala matenda oiwalaiwala, ndipo akufuna kujambula zithunzi za moyo wa pakhomo. Ambiri ali ndi mantha pa nkhani ya zithunzizi, choncho tayankha mafunso amene timamva kawirikawiri.

1. Kodi matendawa ndi otani?

Madokotala amawatchula kuti dementia. Ubongo umawonongeka pang'onopang'ono mpaka munthu amaiwala mayina, njira ya kwawo, ngakhale ana ake. Si ukalamba wamba. Bungwe la WHO likuti odwala ndi oposa 55 miliyoni padziko lonse, ndipo mtundu wofala kwambiri ndi wa Alzheimer. Yambani mwapita nawo kuchipatala chapafupi, kapena ku Chipata Central, Mwami kapena St Francis ku Katete, chifukwa matenda ena osokoneza mutu amachizika.

2. Nanga zithunzi zithandiza chiyani?

Sizichiza. Zimathandiza wosamalira kunena zimene pakamwa pakulephera. Njirayi, yotchedwa photovoice, anaiyambitsa Caroline Wang ndi Mary Ann Burris m'zaka za m'ma 1990, atapereka makamera kwa amayi a m'midzi ya ku Yunnan, ku China. Kuno foni ndi yokwanira. Wina ajambula poto amene anapserera pamoto, wina waya amene amamangira chitseko usiku, wina manja a amayi ake akusenda nshawa mwaluso ngakhale dzina la mwana wawo analiiwala kale. Achibale okhala ku Lusaka kapena ku Kopala, amene amangoti "amama ali bwino, n'kukalamba chabe," akaona zithunzi zotere kawirikawiri amayamba kumvetsa.

3. Kodi zithunzizo zimapita kuti? Timamva kuti ena amakagulitsa kunja kapena amachitira zausatana.

Zithunzi ndi zanu, zikhale mufoni yanu kapena m'nyumba mwanu. Palibe amene ayenera kuzitenga musanalole. Munthu akabwera ndi kamera, m'funseni watumidwa ndi ndani, zithunzizo akaonetsa kuti, adzasunga mpaka liti. Akakupatsani pepala loti musaine, akuwerengereni m'chinenero chanu. Mayankho ake akapanda kukukhutiritsani, kanani. Lamulo la Data Protection Act la 2021 limateteza nkhani zokhudza munthu, makamaka za umoyo wake, ngakhale kuti kulondola mlandu wotere kungakhale kovuta.

4. Anthu akaona zithunzi za ambuya athu, sadzati ndi mfiti?

Funso ili ndi lolemera, ndipo sitingalonjeze kuti sipadzapezeka wolankhula zoipa. Wodwala dementia amatha kudzuka pakati pa usiku, n'kupezeka m'mawa pakhomo pa eni ake, nthawi zina osavala, akulankhula zosamveka kapena kuitana anthu amene anamwalira kale. Anthu amathamangira kunena kuti wagwa pa ndege ya ufiti. Akafunsidwa mwaukali, wodwalayo amatha kungovomera chifukwa cha mantha ndi kusokonezeka. Okalamba ena amenyedwa ndi kuthamangitsidwa m'midzi pa zifukwa zotere. Dziwani kuti lamulo la Witchcraft Act, Chaputala 90 cha malamulo a Zambia, limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti.

N'chifukwa chake tikuti musawajambule ali maliseche, atadziipitsira, akulira kapena atasochera. Ajambuleni akupemphera, akuimba, akuwothera dzuwa ndi adzukulu. Ngati mukufuna kuonetsa kuwawa kwa matendawa, jambulani zinthu za pakhomo, nkhope isaoneke. Ndi bwinonso kuwauziratu anyakwawa, atsogoleri a mpingo ndi anansi kuti ambuya akudwala.

5. Iwo sangathenso kuvomera. Avomere ndani?

Afunsenibe mwaulemu nthawi iliyonse: "Ambuya, ndikujambuleni?" Akatembenuka, akaphimba nkhope kapena akakwiya, ndiye kuti akana, ngakhale dzulo analola. Banja likambirane kaye, wina asagamule yekha.

6. Zimafuna ndalama zingati?

Kujambula ndi foni sikulira ndalama. Kutsukitsa ku studio mitengo imasiyana ndipo imasintha, choncho funsani musanapereke. Munthu asakulonjezeni ndalama kapena thandizo posinthana ndi chithunzi cha wodwala.

7. Wachibale waika chithunzi pa Facebook kapena pa WhatsApp osatiuza. Tingachichotse?

M'pempheni achifufute msanga. Koma chimene chalowa pa intaneti mwina ena asunga kale, ndipo sitingatsimikize kuti chidzatheratu. Gwirizanani pabanja chithunzi chisanatumizidwe kwa aliyense.

8. Kodi munthu sangatenge chithunzicho n'kuwalodza kuti matenda akule?

Matendawa amakula okha pakupita kwa miyezi ndi zaka, kaya munthu wajambulidwa kapena ayi. Musaloze chala wachibale amene anajambula mukaona kuti ambuya akufooka. Ngati mtima wanu sukumasuka, musajambule. Mungathe kungotulutsa zithunzi zakale za ukwati, za ku Nc'wala kapena ku Kulamba, n'kumaonera nawo limodzi. Musawayese ndi funso loti "uyu ndani?" Auzeni nokha, ndipo akatopa kapena akakhumudwa, lekani.

Wodwala akasintha mwadzidzidzi, akasiya kudya kapena akayamba kusochera pafupipafupi, pitani nawo kuchipatala mwamsanga.