Kuwerenga ndi makutu: chida chanji, failo yanji?

Tikamaphunzira za mafunde a mawu, ena mumaganiza kuti ndi zongolowezera mayeso basi. Lero tiziika pa ntchito. Tiyerekeze kuti m'kalasi mwanu muli mnzanu wosaona, ndipo mwagwirizana kuti muzimuwerengera manotsi n'kumajambula mawu kuti azimvera yekha pokonzekera MSCE. Amverera pa chida chanji? Nanga mawuwo muwasunga mu failo ya mtundu wanji? Mafunso awiriwa ndi omangirirana, ndipo mukalakwitsa limodzi, ntchito ya teremu yonse imangokhala mu memory card osamveka.

Musaganize kuti mawu ojambula abwera kudzachotsa Braille. Zilembo za timadontho 6 zomwe Louis Braille anakonza cha m'ma 1824 ndi zomwe zimaphunzitsa munthu kalembedwe ka mawu, n'chifukwa chake sukulu ngati ya Chilanga ku Kasungu zimaziphunzitsa. Koma buku la Braille ndi lalikulu, lolemera, ndipo silifika msanga kuno ku Iponga, kufupi ndi malire a Songwe. Mawu ojambula amatseka mpata umenewo.

Tiyambe ndi chida. Ife openya tikamagula foni timayang'ana kukula kwa sikirini ndi kamera. Mnzathuyu akufunsa zina: kodi mabatani ake zala zingawasiyanitse? Ndikazimitsa, mawa chidzayambira pomwe ndinalekezera kapena chidzabwerera koyambirira? Chingalumphe kuchoka mutu 2 kufika mutu 7?

Pali zida zopangidwira ntchito imeneyi, monga Victor Reader Stream cha kampani ya HumanWare ya ku Canada. Chili ndi mabatani ogwirika ngati a foni yakale, chimalankhula mukadina, ndipo chimatsegula mabuku a mtundu wa DAISY, omwe ndi mawu ojambula okhala ndi zizindikiro za mitu ndi masamba. Ndi chabwino kwambiri, koma mtengo wake ndi madola mazanamazana, ndipo chikafa simupeza wokonza pa Karonga boma. Kenako pali foni ya Android. Ili ndi pulogalamu ya TalkBack yomwe imatchula chilichonse chomwe chala chakhudza, komanso ingathe kuwerenga mokweza zolembedwa m'Chingerezi. Vuto lake n'lakuti galasi ndi losalala, zala zilibe pogwira, choncho munthu amafunika nthawi kuti azolowere. Komanso sikirini imadya moto wambiri. Batire ya 3,000 mAh pa 3.7 V imasunga pafupifupi 11 Wh, ndipo gawo lalikulu limathera pa kuwala komwe mwini foniyo sakukuona. Tsitsani kuwalako mpaka pansi.

Chachitatu ndi kawailesi kaja kolowa memory card komwe mumakaona m'misika. Anthu amakanyoza, koma ine ndimakalemekeza: mabatani ndi enieni, batire imakhalitsa, kamatchajidwa pa sola yaing'ono. Chofooka chake ndi chakuti tambiri timangodziwa MP3. Apa ndi pomwe physics ikulowera.

Mawu ndi kunjenjemera kwa mpweya. Maikolofoni imasandutsa kunjenjemerako kukhala voteji yokwera ndi kutsika, ndipo foni imayeza votejiyo kambirimbiri pa sekondi n'kulemba manambala. Kangati? Lamulo lake, lomwe limatchedwa ndi dzina la Harry Nyquist, limati muyeze kuposa kawiri frequency yapamwamba yomwe mukufuna kusunga. Khutu la mwana limamva kuyambira 20 Hz mpaka pafupifupi 20,000 Hz, n'chifukwa chake CD imayeza ka 44,100 pa sekondi. Tiwerengetsere limodzi. Muyeso uliwonse ndi ma bit 16, mbali ziwiri, ya kumanzere ndi ya kumanja:

44,100 × 16 × 2 = ma bit 1,411,200 pa sekondi

Gawani ndi 8 kuti mupeze ma byte, chulukitsani ndi masekondi 3,600. Ola limodzi likukwana pafupifupi 635 MB. Imeneyo ndiye failo ya WAV. Khadi ya 8 GB yadzaza ndi maola 12 okha ndi kapamwamba.

MP3, yomwe akatswiri a Fraunhofer ku Germany anatsogolera poikonza kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, imachepetsa failo potaya zomwe khutu silikanamva. Imani pafupi ndi chigayo cha mpunga chikulira, mnzanu anong'one. Mawu ake alipo ndithu mumpweyamo, koma khutu lanu silikuwatola chifukwa phokoso lalikulu lawaphimba. MP3 imafufuza mawu ophimbika otere n'kuwachotsa. Pa mawu a munthu mmodzi akuwerenga, 64 kbps mbali imodzi imakwana bwino lomwe. Ndiye kuti ma byte 8,000 pa sekondi, pafupifupi 29 MB pa ola. Khadi yomwe ija tsopano ikunyamula maola oposa 270.

Wina anganene kuti titsike ndithu mpaka pansi kuti zikwane zambiri. Chenjerani. Phokoso la "s" ndi "f" lili pa ma frequency okwera, ndipo ndi lomwe limayamba kusowa. Mafoni akale a nthambo ankadutsitsa 300 mpaka 3,400 Hz yokha, n'chifukwa chake zilembo ziwirizi zinkasokonekera. Mu physics "s" ndi mtunda, "f" ndi frequency. Mwaona ngoziyo eti?

Tsopano foni yanu nthawi zambiri sijambula MP3. Zambiri zimasunga .m4a, zina zakale .amr, ndipo voice note ya WhatsApp imakhala ya mtundu wa Opus. Kawailesi kaja kazingodumpha mafailo amenewa mwakachetechete. Kungosintha dzina kuti lithere ndi .mp3 sikuthandiza, kuli ngati kulemba "shuga" pa thumba la mchere. Pamafunika pulogalamu yotsegula mawuwo n'kuwalonga mwatsopano. Pa kompyuta, Audacity ndi VLC ndi zaulere ndipo zimachita zimenezi. Mu Audacity tsegulani failo, sankhani Export, ikani MP3, mono, 64 kbps. Ikakana kutsegula .m4a, ikufuna kachowonjezera kotchedwa FFmpeg.

Chinthu chimodzi chomwe sindilola ophunzira anga kuiwala: zotayidwa sizibwerera. MP3, m4a ndi Opus zonse zimataya kanthu. Mukasintha failo kuchoka ku imodzi kupita ku ina, kenako ku inanso, zimakhala ngati fotokope ya fotokope. Sungani failo yoyamba ija, ndipo nthawi zonse muziyambira pa iyo. Kusandutsa MP3 kukhala WAV kumangokuza failo, mawu sakoma.

Kawailesi kalibe zizindikiro za DAISY, ndiye mupange zanu. Mutu uliwonse ukhale failo yakeyake ya mphindi 10 kapena 15, mayina ayambe ndi 01, 02, 03, ndipo muyambe kujambula potchula phunziro ndi mutu. Tina timaseweretsa mafailo motsatira momwe analowera mu khadi, osati mayina, choncho koperani imodziimodzi mwa dongosolo.

Za wowerenga nazo. Makina olankhula Chingerezi akapatsidwa Chichewa kapena Kyangonde amaphotchola zomvetsa chisoni, ndiye apa pakufunika pakamwa panu. Pa masamu musathamange. Mu s = ut + ½at², nenani kuti ndi t yekha amene akudzichulukitsa, osati a ndi t pamodzi. Chithunzi chifotokozeni, musati "monga tikuonera apa".

Ngati mukudandaula za malamulo a umwini wa mabuku, dziwani kuti pali pangano la Marrakesh la 2013, lomwe Malawi analowamo mu 2017, lofuna kuti mabuku azisandutsidwa m'njira yoti osaona awerenge. Sikuti likukulolani kugulitsa makhadiwo pa msika ayi.

Musanagule chida chilichonse, tengani khadi yanu yokhala ndi mafailo atatu, mupite ndi mwini wakeyo ku shopu. Iye adine yekha, azimitse pakati pa failo yachiwiri, ayatsenso, mumve pomwe chayambira.