Phunziro 7: Kafukufuku wodzera m'ntchito za luso, chitsanzo cha m'matauni a migodi ku Midlands

Mawu otsogolera

Aphunzitsi ambiri a zilankhulo amapeka sewero la ophunzira chaka ndi chaka, ena amalemba ndakatulo kapena kutsogolera kwaya, koma akafuna kuchita digiri ya Masters amaganiza kuti luso lonselo ayambe aliika padera. Pali njira ina ya kafukufuku imene sewero, filimu, nyimbo kapena buku la nthano limakhala gawo lenileni la zomwe oyesa mayeso amaona. M'phunziro lino tiona m'mene njirayi imayendera, ndipo chitsanzo chathu tichitenga kwa anthu olankhula Chichewa a m'matauni a migodi m'chigawo cha Midlands ku Zimbabwe.

Zolinga

Pomaliza phunziroli muyenera kutha kusiyanitsa ntchito ya luso wamba ndi ntchito ya luso yomwe ndi kafukufuku, kulemba funso la kafukufuku loyankhika kudzera m'sewero, komanso kutchula malire oyenera kuwasunga pofufuza za chikhalidwe cha anthu.

Mitundu itatu ya kafukufuku wa zaluso

M'chaka cha 1993, Christopher Frayling wa ku Royal College of Art ku London anagawa kafukufuku wa zaluso m'mitundu itatu. Woyamba ndi wofufuza za luso la anthu ena, monga kusanthula zisudzo zolembedwa kale. Wachiwiri ndi wodzera m'luso: wofufuzayo amapanga yekha ntchitoyo ndipo mayankho amawapeza ali mkati mopanga. Wachitatu ndi uja amachita waluso aliyense posonkhanitsa zomwe zimuthandize kupanga chinthu chake. Phunziro lino likukamba za mtundu wachiwiri.

Kuno kwathu maganizowa si achilendo kwenikweni. M'zaka za m'ma 1980, gulu la zisudzo la ku Chancellor College ku Zomba, momwe munali Chris Kamlongera ndi David Kerr, linkapita m'midzi kukapeka masewero pamodzi ndi eni mudzi pa nkhani za umoyo ndi chitukuko. Sewerolo linali njira yodziwira zomwe anthu sakanazinena pa pepala la mafunso. Chomwe digiri imawonjezera ndi udindo wosunga umboni ndi kufotokoza mwa kulemba zomwe mwapeza.

Achewa a m'migodi ya ku Midlands

Kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, amuna ambiri ochokera ku Nyasaland, kum'mawa kwa Northern Rhodesia ndi ku Tete ankapita kukagwira ntchito m'migodi ya Southern Rhodesia, ena mwa kufuna kwawo, ena kudzera m'chibalo. Charles van Onselen analemba mbiri imeneyi m'buku lake la Chibaro la 1976. Ku Midlands anafika ku mgodi wa asibesito wa Shabanie ku Zvishavane, ku migodi ya chrome ya ku Shurugwi, ku mgodi wa golide wa Globe and Phoenix ku Kwekwe, ndipo pambuyo pake ku fakitale ya zitsulo ya ku Redcliff. Ambiri sanabwerere, ndipo kumudzi ankawatchula kuti machona. M'makomboni anasunga Chichewa ndi Chiyao, anavina beni, ndiponso gule wamkulu, yemwe Ashona amamutchula kuti zvigure.

Moyo wa anthuwa unamangika pa mgodi: nyumba, chipatala, sukulu ndi bwalo la mpira zinali za kampani. Fakitale ya Ziscosteel itasiya kupanga zitsulo mu 2008, ndipo mgodi wa Shabanie nawo utafooka m'zaka zomwezo, anzawo Achishona ena anabwerera kumidzi kwawo, pomwe zidzukulu za machona zinalibe kolowera. Lamulo la unzika la 2001 linali litasiya ambiri a iwo ngati alendo m'dziko lomwe anabadwira. Malamulo aakulu a dziko a 2013 anabwezera unzika kwa obadwira m'Zimbabwe omwe kholo lawo linachokera m'dziko la SADC, ndipo ndime 6 inaika Chichewa pa mndandanda wa zilankhulo 16 zovomerezeka. Komabe kulembedwa m'malamulo sikuphunzitsa mwana kulankhula. M'mabanja ambiri agogo amalankhula Chichewa, mdzukulu n'kuyankha m'Chishona, ndipo agogowo akamapita amapita nawo mawu, nyimbo ndi mbiri zomwe sizinalembedwe.

Chitsanzo cha kafukufuku

Tiyerekeze kuti ndinu mphunzitsi ku Zvishavane, tauni yomwe kuli nthambi ya Midlands State University. Mukanati "ndikufuna kulemba sewero la Achewa a m'migodi", limenelo ndi khumbo chabe, funso la kafukufuku palibe. Funso lingakhale lotere: kodi achinyamata omwe amamva Chichewa koma sachilankhula amasankha chilankhulo chiti akamasewera mbali ya agogo awo, ndipo amasinthira pati?

Mungayambe ndi kujambula mawu a akuluakulu asanu kapena asanu ndi mmodzi omwe anagwirapo ntchito mumgodi, atavomera. Kenaka inu ndi achinyamatawo mupeke sewero lozungulira funso lomwe Ashona amafunsana akangodziwana: "Kumusha kwenyu ndekupi?", kutanthauza kuti kumudzi kwanu n'kuti. Kwa mdzukulu wa mchona funsoli ndi lolemera. Atchule Dedza komwe sanapondeko, kapena komboni yomwe nyumba zake ndi za kampani?

Umboni wanu ukutuluka pa nthawi yokonzekera. Lembani malo alionse pomwe wosewera wachoka m'Chishona n'kulowa m'Chichewa. Kodi ndi popereka moni, pokalipa, poimba nyimbo ya maliro? Onani ulemu: kodi akunena "a Banda" kapena wayamba "VaBanda"? Kodi "l" wa Chichewa akumveka ngati "r" wa Chishona? Yesani chochitika chimodzi kawiri, koyamba m'Chichewa chokha, kachiwiri mosakaniza, kenaka funsani oonera achikulire ndi achinyamata padera kuti anamva chiyani. Mayankho oterewa simungawapeze pofunsa munthu kuti "kodi mumalankhula Chichewa?", pakuti ambiri amayankha zomwe akuganiza kuti mukufuna kumva. Pa bwalo la sewero lilime limadziulula lokha.

Palinso nkhani ya kalembedwe. Mawu a sewerolo mudzawalemba motsata malamulo a ku Malawi, omwe amalemba "ch", kapena a ku Zambia, omwe amalemba "c"? Nanga mawu osakanikirana ndi Chishona muwakonze kapena muwasiye m'mene anatulukira? Chilichonse chomwe musankhe, fotokozani chifukwa chake, chifukwa mukawakonza onse mwafufuta umboni womwe munkaufuna.

Zomwe oyesa amayembekezera

Kafukufuku wotere amakhala ndi mbali ziwiri: ntchito ya lusoyo ndi cholembedwa chofotokoza funso lanu, njira yomwe munatsata, zomwe ena analemba kale, ndi chatsopano chomwe mwapeza. Kukula kwa mbali iliyonse kumasiyana malinga ndi yunivesite, choncho werengani malamulo a komwe mukufuna kulembetsa musanayambe. Sewero limatha usiku umodzi, kotero sungani kabuku kolembamo za tsiku lililonse lokonzekera, zolemba zonse zoyambirira ngakhale zomwe munazitaya, ndi kanema wa sewerolo. Foni yabwino ikwanira. Sewero likhoza kusangalatsa holo yonse koma osakhoza mayeso ngati silikuyankha funso lililonse. Lina likhoza kukhala losasalala koma n'kuonetsa bwino lomwe pamene Chichewa chikuthera ndi pamene chikulimba.

Malire oyenera kusunga

Gule wamkulu analengezedwa ndi UNESCO mu 2005 kukhala chuma cha anthu onse, m'dzina la Malawi, Zambia ndi Mozambique. Izi sizikupatsa wofufuza ufulu wolowa kudambwe. Za kumeneko ndi za olowa okha, ndipo ngati inu munalowa, lumbiro lanu silitha chifukwa mwalembetsa digiri. Pemphani chilolezo kwa akuluakulu a gule, gwiritsani ntchito zokhazo zimaonekera pabwalo, ndipo musaveke ana asukulu zinthu zotsanzira zilombo. Kumbukiraninso kuti nkhani ya ziphaso ikadali yowawa kwa mabanja ena. Sinthani mayina, ndipo onetsani sewerolo kwa eni nkhani lisanapite kwa oyesa. Ophunzira anu akhale ndi ufulu wokana kutenga mbali popanda kuopa kuti malikisi awo akhudzidwa, ndipo makolo a ana aang'ono avomere polemba.

Ntchito

1. Tchulani gulu la anthu m'dera lanu lomwe chilankhulo chawo chikusintha, monga a m'malire a Mchinji ndi Chipata, a ku Moatize kapena a ku Johannesburg. Lembani funso limodzi la kafukufuku lomwe lingayankhidwe kudzera m'sewero, ndakatulo kapena filimu.

2. Lembani mitundu itatu ya umboni yomwe mungasunge pa nthawi yokonzekera, ndipo fotokozani m'mene uliwonse ukuyankhira funso lanu.

3. M'mawu osapitirira 200, fotokozani anthu omwe muyenera kuwapempha chilolezo ndi zomwe simudzaziika pa bwalo. Tumizani mayankho anu kwa mlangizi wanu musanayambe Phunziro 8.