Phunziro: Makalata a Munthu Wopita ku Joni

Caka ndi caka ana a m'midzi mwathu amanyamuka kunka ku South Africa kukafuna nchito. Makolo ao anapita ndi Wenela, amene anali kuwakonzera makalata onse, kufikira Boma la Zambia linaletsa kulemba anthu kumeneko m'caka ca 1966. Lero munthu ayenda yekha, ndipo ayenera kudziwa yekha za makalata ace.

Coyamba ndico pasipoti. Iyi aitenga ku ofesi ya Boma ataonetsa citupa cace cobiriwira, cija munthu alandira pofika zaka 16.

Munthu wa ku Zambia wopita kukaceza safunsidwa viza. Pa cipata ca Beitbridge, kapena pa cipata cina ngati adzera ku Botswana, amdindira cidindo conena tsiku limene ayenera kuturuka m'dzikomo. Taonani bwino: cidindo cimeneci ndi ca mlendo wodzaceza, sicimpatsa ufulu wa kugwira nchito. Apa ndi pamene ambiri apunthwa. Ayesa kuti adzakonza zonse atafika, koma malamulo amene anakhazikitsidwa m'caka ca 2014 salola mlendo wodzaceza kusintha cidindo cace kukhala cilolezo ca nchito ali m'dzikomo. Cilolezoco acipempha asananyamuke, kwa Kazembe wa South Africa ku Lusaka.

Nanga wopitirira masiku ace atani naye? Poturuka amlemba kuti ndi wosafunika. Ngati anapitirira masiku osaposa 30, amletsa kulowanso caka cimodzi. Ngati anaposa pamenepo, zaka 5. Mnyamata amene anati, ndikhaleko pang'ono ndipeze za ulendo, apeza kuti khomo latsekeka kufikira mwana wace woyamba ayamba sukulu. Ndipo alipo anthu m'misewu ya Johannesburg ogulitsa zilolezo zabodza pa mtengo waukuru. Wogula zimenezi wataya ndarama zace, ndipo akagwidwa mlandu wace uposa wa iye amene alibe kalata konse.

Za banki nazo zimangika pa makalata omwewa. Lamulo la dzikolo la m'caka ca 2001 lilamulira banki kuti idziwe bwino munthu isanamsungire ndarama; cifukwa cace ifuna pasipoti ndi cilolezo ca kukhala m'dziko, ndipo kawirikawiri umboni wa kumene akhala. Wopanda izi abisa malipiro ace m'cipinda cogonamo anthu asanu, kapena awaika m'buku la mnzace. Ndarama zolembedwa m'dzina la wina ziri za mwini dzinalo, ndipo iye akamwalira abale ace sadzamva za pangano la pakamwa. Potumiza thandizo kumudzi, nkwabwino kudzera kwa Mukuru kapena Western Union, kumene apereka lisiti, koposa kupatsira woyenda pa basi.

Inu makolo otsala, mwana asanapite mjambulitseni tsamba la pasipoti lokhala ndi nkhope yace, mulisunge pamodzi ndi makadi a feteleza. Pasipoti ikatayika, Kazembe wa Zambia ku Pretoria ndiye ampatsa kalata wobwerera kwao, ndipo tsambalo lifulumiza nchito. Lithandizanso pa tsiku loipa lija, pamene abale afuna kuti maliro abwere kudzaikidwa kumudzi.