Kutumikira ndi Chimwemwe: Phunziro kwa Amayi Maria ndi Elizabeti

Werengani: Luka 1:39-56

Amayi anzanga, pa zaka zimene ndagwira ntchito ya uzamba ndaona odikirira odwala a mitundu iwiri. Wina amabwera chifukwa abale amutuma. Phala amangoliika pambali pa bedi n'kutuluka. Wina amakhala pansi, kumam'mwetsa wodwalayo pang'onopang'ono uku akucheza naye. Ntchito ndi imodzimodzi, koma wodwala amadziwa kusiyana kwake, ndipo mbale imene imabwerera yopanda kanthu kawirikawiri ndi ya wachiwiriyo.

Chikhristu chathu nachonso chimatha kukhala ngati cha wodikirira woyamba uja. Timafika ku mphakati poopa kunenedwa. Timasesa m'tchalitchi chifukwa dzina lathu lili pa mndandanda. Timapereka mtulo tikung'ung'udza. Zonsezi n'zabwino, koma mtima ukakhala kulibe, zimasanduka katundu.

Taonani Amayi Maria. Mngelo atawauza kuti mbale wawo Elizabeti ali ndi pakati pa miyezi 6, sanawalamule kuti akamuone. Ananyamuka okha mofulumira kupita kudziko lamapiri la Yudeya, ndipo anakhalako pafupifupi miyezi 3. Ife azamba tikudziwa kuti miyezi yomalizayi ndi yolemetsa: msana umapweteka, mapazi amatupa, tulo timavuta, makamaka kwa mayi wachikulire ngati Elizabeti. Choncho sanapite kukapuma. Komabe atangofika n'kupereka moni, chotsatira kutuluka pakamwa pawo chinali nyimbo yotamanda Mulungu. Anayamba alandira, kenako n'kupereka. Mpingo umakumbukira ulendowu pa 31 May, komanso timausinkhasinkha popemphera korona.

Papa Francis, m'kalata yawo ya Evangelii Gaudium ya mu 2013, anatikumbutsa kuti chimwemwe cha mkhristu chimachokera pokumana ndi Yesu. Paulo Woyera nayenso, pa 2 Akorinto 9:7, amaphunzitsa kuti chopereka chisachokere m'kukakamizidwa.

Nanga tichite chiyani?

1. Yambani ndi kuthokoza. Musanatuluke m'nyumba, tchulani zinthu zitatu zimene Mulungu wakuchitirani.

2. Gawanani ntchito. Mayi mmodzi asakhale wa kumaliro, wa kuchipatala ndi wa kukwaya sabata yomweyo. Kunena kuti "lero sindikwanitsa" si tchimo.

3. Mverani thupi lanu. Kusowa tulo, mutu wosatha, kupsa mtima msanga ndi kusafuna chakudya si kuchepa kwa chikhulupiriro. Kayezetseni BP ndi shuga. Chisoni chikapitirira masabata 2, mpaka zimene munkakonda zosakusangalatsaninso, kaonaneni ndi achipatala. Matenda a nkhawa ali ndi chithandizo.

4. Perekezani ena. Mayi woyembekezera ayenera kuyamba sikelo miyezi 3 isanathe ndi kupitako kokwana ka 8. Mukamuopseza ndi chindapusa adzapita mochedwa ndi mwamantha. Mukamuperekeza monga anachitira Amayi Maria, adzabwererako yekha.

Mafunso okambirana pagulu:
Ndi ntchito iti ya mumpingo imene ndimaigwira poopa anthu? Ndani m'gulu lathu amene watopa koma sakunena? Kodi Elizabeti wa m'mudzi mwathu ndani, ndipo tikamuona liti?

Tipemphere: Ambuye, tichotsereni mtima wong'ung'udza, kuti potumikira anzathu tizikumana ndi Inu. Amen.