Malamulo Akachepa, Mlimi wa Tiyi Ayang'ane Chiyani?

Alimi anzanga a ku Mulanje, pa misonkhano yathu ambiri mumanena kuti malamulo a mbewu achepetsedwe kuti mlimi apume. Mawu ameneŵa ndi oona. Koma mwezi uno tiyambe taona zimene zinachitikira alimi ena akutali.

Ku Ulaya shuga wambiri sachokera ku nzimbe, chifukwa kumazizira. Amachokera ku mbewu yotchedwa sugar beet, imene imabereka pansi monga mbatata. Kuyambira m'chaka cha 1968 maboma a kumeneko ankaika malire a shuga amene dziko lililonse lingagulitse, ndiponso mtengo umene fakitale siyenera kutsikirapo pogula kwa mlimi. Ambiri ankati malamuloŵa ndi goli. Pa 30 September 2017 anachotsedwa. Alimi anakuza minda, shuga anachuluka, ndipo mtengo wa tani imodzi unagwa kuchoka pafupifupi ma euro 500 kufika pafupifupi 310 poyamba pa 2019. Mafakitale ena ku France ndi Germany anatsekedwa, alimi oyandikana nawo nasoŵa kogulitsa. Ngakhale shuga wathu wa ku Nchalo ndi ku Dwangwa wopita ku Ulaya anakhudzidwa.

Mwina mukufunsa kuti, nanga ife a tiyi zikutikhudza bwanji? Taonani. Chimanga ndi nandolo mungathe kusunga mpaka mtengo utakwera. Koma tiyi, monga nzimbe ndi beet, mwini wake weniweni ndi fakitale. Masamba othyola m'maŵa ayenera kufika ku fakitale tsiku lomwelo, apo ayi amatentha, nafiira, ndipo palibe angawagule. Mlimi wotere sangathe kuyenda ndi dengu kufunafuna wogula wabwino.

Ifenso kuno tinadutsamo m'zimenezi. Lamulo la Special Crops Act la 1963 linapatsa Boma mphamvu yosankha amene angalime mbewu zina ndi kumene angagulitse. M'chaka cha 1967 Boma linakhazikitsa Smallholder Tea Authority, imene inkapereka mbande ndi feteleza pa ngongole, kutumiza alangizi, ndi kutenga masamba onse. Mlimi sankasankha wogula, komanso sankadera nkhaŵa za galimoto. Bungweli linafooka m'zaka za m'ma 1990, malipiro nkumachedwa, ndipo linatha m'chaka cha 2002. Alimi ambiri anayamba kugulitsa ku maesiteti kudzera m'mabungwe awo, monga Sukambizi imene imagulitsa ku Lujeri.

Tsono ntchito imene kale inkagwiridwa ndi lamulo, lero ikugwiridwa ndi pepala la mgwirizano pakati pa bungwe lanu ndi fakitale. Chimene chimandidabwitsa ine nchakuti mlimi amene amadziŵa chiŵerengero cha mitengo yonse ya m'munda mwake, pepala limeneli sanalionepo.

Pemphani kuti liŵerengedwe m'Chicheŵa pa msonkhano wa onse, osati pakati pa akomiti okha. Mvetsetsani mtengo wa kilogalamu imodzi ndi tsiku la malipiro. Funsani za malipiro achiŵiri: kodi amaŵerengedwa bwanji tiyi akagulitsidwa ku okushoni ku Limbe? Apa ndi pamene ambiri amangovomera osamvetsa. Ngongole ya feteleza idziŵike kuti idzadulidwa miyezi ingati, chifukwa ikadulidwa yonse mu June kapena July, pamene tiyi saphuka kwenikweni, pakhomo sipatsala kanthu.

Nkhani ya sikelo musaisiye. Pakhale munthu wanu woŵerenga pamodzi ndi kalaliki, ndipo aliyense alembe makilogalamu ake m'kabuku tsiku lililonse. Mgwirizanowo unenenso amene adzaluza ngati galimoto yachedwa masamba nkuwonongeka pa shedi. Mbali yanu ndi kuthyola masamba aŵiri ndi kansonga, osathiramo okhwima, kuti pokana masamba fakitale isapeze chifukwa.