Zimene a geni pa Migowi angaphunzire kwa Ford ndi Toyota

Mu 1913, Henry Ford wa ku America anayamba kulumikiza galimoto pa lamba woyenda. Wantchito aliyense ankaima pamalo ake n'kumagwira ntchito imodzi yokha. Galimoto ya Model T, yomwe kale inkatenga maola 12, inayamba kutheka mu ola limodzi ndi theka. Mtengo wake unatsika kuchoka pa madola 850 mu 1908 mpaka kuchepera 300.

Nkhondo yachiwiri yapadziko lonse itatha, kampani ya Toyota ku Japan inalibe mpamba waukulu chotero. Taiichi Ohno anabweretsa njira ina: kupanga chokhacho chimene chafunika, panthawi imene chafunika. Kwa iye, katundu wongodzaza mosungira anali ndalama zogona.

Ophika mandasi pa Migowi angatengere Ford: wina azikanda ufa, wina azikazinga, wina azigulitsa. Koma kwa wa mpamba wochepa, njira ya Ohno ndiyo yothandiza kwambiri. Wopikula tomato kapena nsomba zaziwisi za ku Chilwa apikule zokwanira tsiku la msika, aziona zimene zikutha msanga, n'kukapikulanso zomwezo. Tomato wotsala akamaola, mpamba umaolera limodzi.