Nyumba Yapezeka, Nanga Nchifukwa Ninji Mtima Ukulakalakabe Zakale?

1, 2. (a) Kodi ndani anasamukira ku Levittown, ndipo anapezako moyo wotani? (b) Kodi zimenezi zikudzutsa funso lotani?

PA October 1, 1947, mabanja 300 analoŵa m'nyumba zatsopano pachisumbu cha Long Island, makilomita oposa 40 kum'maŵa kwa pakati pa mzinda wa New York. Malowo anali minda ya mbatata ya kachewere kufikira pamene kampani ya Levitt and Sons inawagula. Ambiri mwa amuna a m'mabanjawo anali asilikali obwera kumene ku Nkhondo Yadziko II, ndipo ena anali atatopa ndi kupanikizana m'nyumba za apongozi awo. Tsopano, pa lendi ya $60 pamwezi, anali ndi khomo lawolawo. Pofika 1951, nyumba 17,447 zinali zitamangidwa, ndipo malowo anali kutchedwa Levittown. Koma chimwemwecho sichinali cha onse, pakuti pangano la lendi linaletsa anthu akuda kukhala m'nyumbazo, chisalungamo chimene chinasiya chipsera kwa zaka zambiri.

2 Okwatiranawo anali ana ndithu. Mu 1956, theka la akazi okwatiwa nthaŵi yoyamba mu United States anali a zaka pafupifupi 20 kapena zocheperapo. Mnyamata amene anaoloka nyanja zamchere naona maiko achilendo tsopano anali kuthamangira sitima ya m'mamaŵa, nabwerako dzuŵa litaloŵa. Mtsikana amene m'nthaŵi ya nkhondo anagwira ntchito m'fakitale nalandira malipiro akeake tsopano anatsala pakhomo ndi makanda. Panalinso malamulo: kutchetcha kapinga mlungu uliwonse m'nyengo yake, kusamanga mpanda, ndi kusayanika zovala panja Loŵeruka ndi Lamlungu. Kodi munthu amene wapeza zimene anali kuzifuna, mkazi kapena mwamuna, ana ndi nyumba, angayambenso bwanji kulakalaka masiku pamene analibe zonsezo?

Chimene Chinasoŵa Kwenikweni

3. Kodi Betty Friedan anapeza chiyani, ndipo nchifukwa ninji ambiri anakhala chete?

3 Chilakolako chimenecho chinalipodi. Mu 1957, Betty Friedan, mlembi amenenso anali mayi wa pabanja, anatumiza mafunso kwa akazi amene anamaliza nawo maphunziro pa Smith College zaka 15 zapitazo. Mayankho awo anakhala maziko a buku limene anatulutsa mu 1963. Iye anasimba za akazi okhala m'nyumba zabwino kunja kwa mizinda amene anali kumva kupereŵera kwinakwake mumtima, koma namangokhala chete. Akanadandaula bwanji pamene mwamuna anali pantchito, ana ali bwino, ndi chakudya chili m'nyumba? Aliyense analingalira kuti vutolo linali lake yekha.

4, 5. (a) Kodi Herbert Gans anafufuza motani moyo wa m'malo otero? (b) Kodi osungulumwawo anasoŵa chiyani kwenikweni?

4 Olemba ambiri a panthaŵiyo anaimba mlandu malowo, akumati nyumba zofanana zimabala anthu ofanana ndi onyong'onyeka. Katswiri wina wa za kakhalidwe ka anthu, Herbert Gans, anafuna kudzionera yekha. Mu 1958 anagula nyumba m'Levittown wina, wa ku New Jersey, nakhala kumeneko zaka 2 monga mnansi wamba, akumapita kumisonkhano ya m'deralo ndi kucheza ndi anthu pamakomo pawo. Zimene anafalitsa mu 1967 zinatsutsa olembawo. Ochuluka anali okhutira ndi moyo wawo watsopano. Komabe panali ena osungulumwa, ndipo pakati pawo panali akazi amene anasiya kutali makolo awo ndi abale amene kale anali kuonana nawo kaŵirikaŵiri.

5 Mfundo imeneyi njofunika kwambiri kwa okwatirana lerolino, kaya akukhala kunja kwa New York kapena ku Chitungwiza, kumene anthu ambiri amalaŵirira basi yopita kuntchito ku Harare. Kaŵirikaŵiri, munthu amene amanena kuti akulakalaka "ufulu" wa paunyamata sakulakalaka kukhala wopanda mnzake wa muukwati. Iye akusoŵa anthu. Ali mbeta, mabwenzi anali pafupi, ndipo kucheza sikunafune kupangana tsiku. Ukwati ndi kusamuka kaŵirikaŵiri zimadza pamodzi, chotero munthu amataya zambiri panthaŵi imodzi: msewu umene anauzoloŵera, mchemwali amene anali kumuuza zakukhosi, ndi madzulo opanda chochita. Kumudzi, mkwatibwi akadodoma amathamangira kwa ankhoswe kapena kwa azakhali. Koma pamzere wa nyumba za alendo okhaokha palibe wothamangirako. Pamenepo nkwapafupi kuimba mlandu munthu mmodzi amene ali pafupi, ngakhale kuti iye sindiye anachotsa zinthuzo. Zoonadi, m'maukwati ena muli nkhanza kapena kusakhulupirika, ndipo zimenezo nzina ndithu zofuna chithandizo cha mtundu wina. Nkhani ino ikunena za banja limene mulibe wolakwira mnzake, koma mmene mmodzi kapena onse aŵiri amayang'ana kumbuyo nausa moyo.

Chikumbukiro Chimasefa

6, 7. (a) Kodi kulakalaka zakale kunalingaliridwa motani kalelo? (b) Kodi kufufuza kwa mu 1997 ndi chochitika cha Aisrayeli zikusonyezanji ponena za chikumbukiro?

6 Kulakalaka zakale kuli ndi mphamvu yaikulu kwakuti kalelo kunayesedwa nthenda. Mu 1688, Johannes Hofer, wophunzira udokotala ku Basel, analemba za anthu amene anali kuwonda ndi kusoŵa tulo chifukwa cha kukumbuka kwawo, ndipo pambuyo pake madokotala anati nthendayo inali yofala pakati pa asilikali a ku Switzerland otumikira m'maiko ena. Lerolino palibe dokotala amene amaitcha nthenda. Koma kodi chikumbukiro chimasunga zinthu monga momwe zinalili? Mu 1997, Terence Mitchell ndi anzake anafalitsa zotulukapo za kufufuza kwawo anthu a paulendo, kuphatikizapo amene anayenda panjinga milungu 3 m'California. Anawafunsa asananyamuke, ali m'njira, ndiponso atabwerako. Ali m'njira, ambiri anagwiritsidwa mwala ndi mvula, kutopa, ndi zochita za anzawo. Atabwerako, anakumbukira ulendowo kukhala wokoma kuposa mmene anaunenera pamene anali pachishalo cha njinga.

7 Cholembedwa cha pa Numeri 11:4-6 chimasonyeza zofananazo. Ali m'chipululu, Aisrayeli analirira nsomba, mavwende ndi anyezi a ku Igupto, naiŵala kuti anadya zimenezo monga akapolo oumba njerwa. Mwamuna wa zaka 35 angachite chimodzimodzi. Amakumbukira usiku umene anaseka ndi anzake kufikira tambala woyamba. Saŵerenga mausiku ochuluka amene anabwerera m'kachipinda kozizira, nagona ndi njala chifukwa cha ulesi wa kuphika, kapena pamene anadwala malungo popanda womtungira madzi. Unyamata umene akuukumbukira ngwosefedwa kale, pamene Lachiŵiri wamba la m'banja, ndi mwana wolira ndiponso bilu ya magetsi, lili pamaso pake lonse lathunthu. Ndani angapambane pampikisano wotero?

8. Kodi ngozi imayamba motani?

8 Kukumbukira kokha sikulakwa, ndipo amene amakumbukira sayenera kudziona monga wachinyengo. Ngozi imayamba pamene chilakolakocho chibisidwa ndi kudyetsedwa mseri. Mwamuna amayamba kuchedwa m'tauni popanda chifukwa chenicheni. Mkazi amafunafuna pa intaneti dzina la munthu amene anali chibwenzi chake kusukulu, akumadziuza kuti akungofuna kudziŵa mmene alili. Munthu wakaleyo amaoneka wopanda chilema, pakuti sanafunsepo za ndalama za lendi. Mabanja ambiri apasuka mwanjira imeneyi, ana nagaŵanika pakati pa nyumba ziŵiri, ndipo wochokayo anapeza kuti anzake a paunyamata nawonso anakwatira kalekale ndipo madzulo amakhala kwawo.

Kubwezeretsa Zimene Zingabwezeretsedwe

9. Kodi okwatirana angalankhule motani za nkhaniyi popanda kuvulazana?

9 Choyamba ndicho kutchula chosoŵacho ndi dzina lake. Mkazi akanena kuti, "Ndinali wosangalala ndisanakwatiwe," mwamuna amamva kuti akukanidwa, ndipo amadzitchinjiriza mwa kuŵerenga zonse zimene wagula. Koma akanena kuti, "Bambo, inu mumaonana ndi anthu kuntchito, koma ine tsiku lonse sindilankhula ndi munthu wamkulu," mwamunayo wapatsidwa chinthu chimene angachitepo kanthu. Nayenso mwamuna anganene kuti, "Mayi, ndasoŵa mpira wa Loŵeruka ndi anzanga aja," m'malo mwa kungozimiririka Loŵerukalo. Womvetserayo ali ndi mbali yovutirapo: kusathamangira kukwiya, ndi kusatenga mawuwo monga chiweruzo pa iye.

10, 11. (a) Fotokozani kuyesa kumene Arthur Aron anachita. (b) Kodi okwatirana osauka angapindule nako motani?

10 Mbali ina ya unyamata imene anthu amaisoŵa ndiyo kuchita zinthu zatsopano. Pachisumbu chomwecho cha Long Island, pa yunivesite ya Stony Brook, katswiri wa zamaganizo Arthur Aron ndi anzake anayesa zimenezi, nafalitsa zotulukapo zake mu 2000. Anamanga okwatirana ena pamodzi padzanja ndi pakakolo, nawauza kukwaŵa pamphasa zochitira maseŵera, kukwera chopinga, atanyamula pilo pakati pawo popanda kuigwira ndi manja. Ena anapatsidwa chochita chosavuta ndi chosasangalatsa, chonga kugubuduza mpira pang'onopang'ono. Zonsezo zinatenga mphindi zoŵerengeka chabe. Pambuyo pake, okwaŵa aja anasonyeza kukhutira kokulirapo ndi unansi wawo kuposa ogubuduza mpira.

11 Palibe amene akulangiza atate ndi amayi olemekezeka kukwaŵa pabalaza atamangidwa miyendo! Koma tawonani kuti chimene chinathandiza sichinafune ndalama. Chinali chinthu chachilendo, chovutirapo pang'ono, chochitira pamodzi, ndiponso choseketsa. Mwamuna ndi mkazi angaphunzire pamodzi chinenero cha anansi awo, kukwera phiri limene akhala akulipenya pawindo kwa zaka 5, kapena kulima dimba la mbewu imene sanabzalepo. Chilakolako cha zatsopano chimene chikanakokera mmodzi kunja chimakhutiritsidwa onse aŵiri alipo.

12. Kodi nchiyani chiyenera kulingaliridwa pogaŵana nthaŵi ya kucheza ndi mabwenzi?

12 Ndiyeno pali mabwenzi. Mnzako wa muukwati mmodzi sangakhale mayi, mchemwali, nkhoswe ndi gulu lonse la anzako a kusukulu. Anthu a ku Levittown anazindikira zimenezi msanga. Pokhala opanda agogo pafupi, akazi anayamba kusinthana kulera ana, ndipo anansi anayambitsa timagulu tambiri ta maseŵera ndi ta ntchito zodzipereka. Okwatirana a lerolino angachitenso chimodzimodzi, akumaitana banja la khomo loyandikana kudzadya nawo m'malo mwa kuyembekezera kuitanidwa. Koma pogaŵana nthaŵiyo, pamafunika chilungamo. Kaŵirikaŵiri mwamuna amapeza madzulo ake omasuka mosavuta, chifukwa chakuti mkazi alipo wosamalira ana. Ngati iye apita kumpira Loŵeruka, pamenepo Loŵeruka lotsatira ndi iye amene ayenera kusambitsa ana, kuwaphikira ndi kuwagoneka, kuti mkazi wake akwere basi kukachezera mchemwali wake popanda mwana kumsana ndiponso popanda kuyang'anayang'ana wotchi.